Kagirini ka Apongozi

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinayenda ndi mafuta odzola pa njinga yamoto, kuyambira ku Chinamwali mpaka kupitirira Malosa, ndipo mpaka lero ndikamva fungo lake pa mwana wa munthu m'minibasi mutu umayamba kundiwawa. Dzina la mafutawo sinditchula. Ngakhale ndikanalitchula, ambiri kuno ku Domasi sakanalizindikira, chifukwa palibe amene ankawaitana ndi dzina la pa lebulo. Ankabwera m'kakontena kobiriwira, kotakasuka kukamwa, ndiye wamkulu ndi mwana yemwe ankangoti kagirini.

Pa kalata yondilembera ntchito panalembedwa kuti ndine selesimani. Kunena zoona ndinali wopukuta fumbi. Ndikafika pa golosale ndinkapereka moni, n'kulowa kuseri kwa kauntala ngati kwathu, n'kutsitsa tigirini tonse, kutipukuta, kenako kutibwezera pa shelefu yoyang'anana ndi maso a munthu woimirira. Mafuta a makampani ena ndinkawakankhira kumapeto, pafupi ndi mankhwala a makoswe. Ndikachoka, selesimani wawo naye ankabwera kudzachita zomwezo, ndiye sabata yotsatira ndinkayambiranso. Eni magolosale ankangotiyang'ana, ena mpaka kutipatsa mpando woti tikwerepo. Mu Juni ndi Julayi, mphepo ikamatsika m'phiri miyendo ya ana n'kutuwa, katundu ankayenda yekha. Mu Okutobala ndinkachita kumupempherera.

Koma kagirini kanali ndi ntchito ina imene a ku ofesi ku Blantyre sankaidziwa. Mafuta akatha, amayi ankakatsuka ndi phulusa ndi madzi otentha mpaka fungo litachoka, n'kukasandutsa muyezo. Mpunga, nyemba, nandolo, mtedza, zonse pamsika wathu zinkayezedwa ndi kagirini. Palibe anachita kukhazikitsa zimenezi. Zinangoyamba zokha, chifukwa kakontenako kanali kolimba, kankapezeka m'nyumba iliyonse, ndipo ka ku Songani ndi ka ku Malosa tinali tofanana ndendende. Wogula sankafunsa za kilo. Ankangoti, "Mpunga kagirini bwanji?"

Mmodzi mwa ogulitsa mpungawo anali apongozi anga, amayi awo a akazi anga. Ine kwathu ndi ku Chiradzulu. Kuno ndinabwera chikamwini, ndipo nyumba imene ndikulemberamo izi ili pa malo awo. Apongozi ndi Alomwe achikale, ogwira mwambo. Chikwatirire mwana wawo, ine ndi iwo tinali tisanakhalepo pansi kuyang'anana maso. Tikakumana panjira ankapatuka n'kugwada chammbali, moni n'kumapatsana aliyense akuyang'ana kwake. Akafuna kuti ndiwagulire feteleza ku Zomba ankauza mwana wawo, ine yankho ndinkabwezera momwemo. Anzanga a m'tauni ankandiseka, koma ine zinkandikomera, chifukwa zaka zonsezo sitinakanganepo.

Mpunga ankalima okha kumunsi kumadambo, faya wonunkhira uja, ndipo Lachiwiri ndi Lachisanu ankakhala pamsika pansi pa mtengo wa mango, thumba lili patsogolo pawo. Chuma analibe. Chimene anali nacho ndi dzina. Mumpunga mwawo simunkapezeka mwala, sankausakaniza ndi wotchipa, ndipo akamayeza ankathira mpaka pamwamba pachite kaphiri, osagwedeza dzanja kuti wina ubwerere m'thumba monga amachitira ena. Aphunzitsi a ku Malosa ankangotuma wakabaza ndi jumbo, eni ake osabwera. Kumpingo anali a Mvano, ndipo amayi akakangana pa za muyezo pamsikapo, mlandu ankakaweruza ndi kagirini ka apongozi. Dzina limenelo ndi limene ine ndinaliwononga, ndipo ndikufuna ndinene mmene zinayendera, chifukwa ndatopa kumva anthu akuifotokoza nkhaniyi mokhota.

Miyezi itatu iliyonse ife a m'madera tinkaitanidwa ku Blantyre kumsonkhano. Tinkakhala m'chipinda chozizira mpaka mano kuguguda, tikuyang'ana zithunzi pakhoma. Bwana wa zamalonda anali mnyamata wophunzira bwino, waulemu ndithu, wa nsapato zosadziwa fumbi. Mawu amene ankawakonda anali akuti bulandi, kutanthauza chithunzi chimene chimabwera m'mutu mwa munthu akamva dzina la katundu. Tsiku lina anatifunsa mmodzimmodzi kuti, "Anthu a kudera kwanu akaona girini wathuyu amaganiza chiyani?" Anzanga ankayankha za m'buku: khungu losalala, banja losangalala. Itafika nthawi yanga, kaya chinandilowa n'chiyani, ndinangoti, "Kwathu amaganiza za mpunga, bwana."

Onse anaseka, koma iye sanaseke. Anandiuza kuti ndifotokoze, ndipo nditafotokoza anaimirira n'kuwomba m'manja yekhayekha. Anati kampani imawononga ndalama zambiri pa zikwangwani za m'misewu ndi pa wailesi, pamene amayi a m'misika akuonetsa katundu wathu tsiku lonse ulere. Anandituma kuti ndikajambule. Ine sindikanatha kuima patsogolo pa apongozi ndi foni, ndiye ndinatuma akazi anga. Pamsonkhano wotsatira manja a apongozi anaonekera pakhoma lonse, makwinya ake onse, atagwira kagirini kodzaza ndi faya. Ndinapatsidwa tisheti zinayi, chipewa ndi ambulera. Ndinabwerera ku Domasi mapewa ali m'mwamba, ndipo Loweruka lotsatira nyumba yonse inapita kumunda itavala zobiriwira.

Chaka chotsatira zinthu zinathina. Zipangizo zopangira mafutawo zinkachokera kunja, ndipo ndalama yakunja inkasowa. Tinaitanidwanso. Bwana uja anaika patebulo tigirini tiwiri, kakale ndi katsopano, n'kutiuza kuti tiloze kusiyana kwake. Tinaloza lebulo. Pa kakale panali mayi ndi ana atatu. Pa katsopano panali mtsikana wowala, atanyamula kachikwama, tsitsi lake losatheka kusenzera ndowa. Bwana anati n'zoona, tsopano mafuta athu si a aliyense ayi, ndi a mayi wodzisamala, ndipo tizinena choncho kulikonse. Kenako anatembenuza katsopanoko n'kutiuza kuti tipise chala pansi pake.

Chala changa chinalowa mpaka pa mfundo yachiwiri. Pansipo anali atapakankhira m'kati. Kunja msinkhu unali womwewo, kunenepa komweko, girini yemweyo, koma m'kati malo anali atachepa.

Anatifotokozera mofatsa, ngati mphunzitsi wa Sande sukulu. Munthu wa kumudzi, anatero, sakumbukira kulemera kwa katundu. Amakumbukira mtengo ndi mtundu basi. Tikakweza mtengo athawira ku mafuta oyera aja ochokera kunja, ndipo akathawa sabwereranso. Ndiye mtengo usasinthe, mtundu usasinthe, chisinthe n'chimene maso saona. "Ndipo sitikunama," anatero. "Kulemera kwatsopano kwalembedwa kumbuyoku." Kunalembedwadi, m'tizilembo toti ine ndinachita kutalikitsa dzanja kuti nditiwerenge. Anatilangiza kuti kwa eni magolosale tizingoti ndi maonekedwe atsopano, za kukula tisaziyambitse ife.

Sindinama, nkhani ya muyezo inandibwerera pompo. Amene anaibweretsa m'chipindamo ndinali ine, ndiye sindikanaiiwala. Ndinayang'ana mnzanga wa ku Mulanje, nayenso anandiyang'ana. Koma mwezi wapitawo anali atachotsa wa ku Balaka chifukwa chosakwanitsa tageti, ndipo mpando wake unali pomwepo wopanda munthu. Dzanja langa linakhala pa bondo. Posakhalitsa anabweretsa tiyi ndi masamusa, msonkhano n'kuthera pomwepo.

Aliyense anapatsidwa makatoni awiri a tigirini tatsopano topanda kanthu m'kati. Ntchito yake inali youndika pa mashelefu kuti golosale izioneka yodzaza ndi katundu wathu, ngakhale mwini wake wangopikula khumi. Makatoniwo ndinawaika pa balaza, kuseri kwa chitseko. Kagirini ka apongozi nthawi imeneyo kanali katakalamba. Kanang'aluka mbali imodzi, ndipo anali atakamata ndi pulasitiki wosungunula pamoto. Akazi anga ataona tatsopano tili mbwee, tonyezimira, sanaganize kawiri. Anatenga tiwiri n'kukapatsa amayi awo. Ndani akanawaletsa? Zinali za kuntchito kwa amuna awo, kampani yomwe ija inaonetsa manja a amayi awo pakhoma.

Ine ndinazindikira Lachisanu lake ndikudutsa pamsika. Ndinaona chinthu chikunyezimira pansi pa mango paja. Ndinaima chapatali, injini ikulira. Apongozi ankayeza monga mwa masiku onse, kaphiri pamwamba, kenako kadzanja ka basela. Wogula anathokoza n'kumapita.

Madzulo ake ndinafunsa akazi anga kuti kakale kaja kali kuti. Anati akumweramo anapiye. Anandifunsa kuti bwanji, alakwitsa kutenga? Ndinati ayi. Mawu amodzi okhawo, ayi, n'kupita kukasamba.

Ndadzifunsa kambirimbiri chifukwa chimene ndinakhalira chete, ndipo mayankho onse amene ndimapeza ndi onyansa. Ndinkati ndinena mawa. Ndinkati ndikanena, nkhani ifika pamsika, pamsika ifika m'magolosale, eni magolosale akana katundu, tageti igwa, ndipo aliyense adziwa kuti wayambitsa ndi wa ku Domasi. Ndinkachitanso manyazi kukauza nyumba yonse yovala tisheti zanga kuti kampani yathu yachenjerera anthu. Bodza lalikulu limene ndinkadzinamiza linali lakuti posachedwa tigirini tonse pamsika tikhala tatsopano, muyezo ufanananso, palibe adzadziwe. Sindinaganize kuti m'nyumba za anthu takale tidzakhalamo zaka zambiri, chifukwa kuno chinthu cholimba sititaya. Mawa anakhala sabata, sabata inakhala masabata asanu, ine ndikudutsa pamsikapo kawiri pa sabata nkhope nditalozetsa kwina.

Panali mayi wina wa ku Mishoni, mnzawo wa apongozi ku Mvano, amene ankakwatitsa mwana wake. Mpunga wa ukwati anagula kwa apongozi, monga akanachitira wina aliyense. Atafika kwawo anayamba kuugawa kwa ophika, akuyeza ndi kagirini kake kakale ka m'khitchini. Lachisanu m'mawa anabwera pamsika ndi thumba lonse pa kabaza.

Ine ndinali tsidya la msewu m'golosale ina, ndili pampando ndikuundika tigirini topanda kanthu tija. Ndinamva mawu a mayi akukuwa, "Bwerani mudzaone, anthuni! Bwerani mudzaone zimene akutichita anzathu opemphera!" Ndinatsika n'kuima pakhomo, kansalu kopukutira kali m'manja. Anthu anali ataunjikana kale pansi pa mango.

"Ine ndinagula tigirini fote," ankatero mayiyo. "Fote, ndikuwerenga ndi pakamwa panga. Ndafika kunyumba ndayeza ndi kanga aka, tangokwana sate-sikisi. Tinayi tapita kuti?"

Apongozi sanakweze mawu. Anati, "Mayi, takhalani pansi tiyeze bwinobwino. Mwina wina anatapako panjira."

"Atape ndani? Thumba ndinamanga ndekha inu mukuona. Musandipusitse, ine si mwana."

Ndiye apongozi anayala chitenje chawo pansi. Anatenga kagirini kakale ka mayiyo, anakadzaza, n'kukhuthulira m'kawo katsopano. Kanadzaza, kaphiri kanakwera, mpunga wotsala n'kuyamba kutayikira pa chitenje, wokwana dzanja lonse. Anabwerezanso kachiwiri, zomwezo. Pamsika panati zii. Kenako anatembenuza kagirini kawoko, anakayang'ana, n'kupisa chala pansi pake. Ndinaona chala chawo chikulowa monga chinalowera changa ku Blantyre.

Phokoso linabwerera lonse nthawi imodzi. Wina anati, "Aa, ngakhale agogowa?" Wina, "Ndiye tikhulupirire ndani tsopano?" Mayi wina wogulitsa tomato, amene kale apongozi anamugamula kuti muyezo wake ndi wopereweza, anaseka mokweza n'kunena kuti, "Bulauzi yoyera ya Mvano ija amangovala." Apongozi anathira m'thumba la mayi wa ukwati tigirini tisanu ndi kamodzi poyeza ndi kakale, anamanga thumba lawo, anasenza, n'kudutsa pakati pa anthuwo dzuwa lisanafike pamutu.

Msewu wa pakati pa golosale ndi mtengo wa mango ndi woti munthu amawoloka ndi mapazi khumi. Ine sindinawoloke. Ndinaima pakhomopo mpaka anthu atabalalika, kenako ndinabwerera pampando kukamaliza kuundika. Mwini golosale anandiyang'ana, ndipo ndinathokoza mumtima kuti sanandifunse.

Ndinafika kunyumba cha m'ma folo. Nditangokhala pakhonde ndinaona apongozi akubwera kuchokera kunyumba kwawo. Ndinayembekeza kuti azungulira kuseri kukapeza mwana wawo monga mwa masiku onse, ndiye ndinayamba kunyamuka kuti ndiwapatse njira. Sanazungulire. Anabwera molunjika, anakhala pa sitepe ya khonde moyang'anana nane, n'kuika kagirini pakati pathu chadodolido. Akazi anga anatuluka m'khitchini manja ali madzi, n'kuima chilili, kukamwa kuli yasa.

"Apongozi," anatero, maso awo ali pa ine koyamba chikhalire, "kakontena aka kachokera m'nyumba mwanu. Munkadziwa kuti pansi pake m'potere?"

Ndinati, "Ndinkadziwa, mayi."

"Tsiku limene mwana wanga anandipatsa, munkadziwa?"

"Ndinadziwa nditakaona pamsika."

"Ndi masabata angati amenewo?"

"Asanu."

"Asanu," anabwereza, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ine ndi inu sitiyankhulana, n'zoona, ndi ulemu umenewo. Koma uthenga wa feteleza umafika. Wa maliro umafika. Uwu wokha ndi umene unasowa njira?"

Anakhala pang'ono ngati akundipatsa mpata, kenako ananyamuka atagwira bondo, n'kumapita. Kagirini anakasiya pomwepo.

M'mawa mwake anayamba kuyenda. Anatapa mpunga umene anasungira chakudya cha pakhomo, n'kumausenza m'dengu, khomo ndi khomo, kwa aliyense amene ankamukumbukira kuti anagula m'masabata asanu aja. Kumishoni anapita wapansi. Ku Malosa anakwera kabaza, munthu woti njinga amaiopa. Ena ankakana mwamanyazi, amvekere zisiyeni agogo, si inu. Ena ankalandira n'kuthokoza. Ena ankalandira, iwo akangotembenuka n'kuyamba kunena kuti wosalakwa sabweza. Anayenda choncho masabata awiri mpaka mapazi kutupa, pamsika osapondapo. Akazi anga masiku amenewo ankandiyankhula za ana basi. Tisheti zija ndinazipeza zasanduka zokolopera, ndipo sindinafunse.

Ndinaimbira foni bwana wa zamalonda. Ndinapsa mtima ndikufotokoza zonse kuyambira pa thumba la ukwati. Anandimvetsera mpaka kumapeto, chifukwa ulemu anali nawo. Kenako anati pepani kwambiri, koma kampani imagulitsa mafuta, sigulitsa miyezo, ndipo kulemera kunalembedwa. Ndinamukumbutsa kuti ndi iye yemwe anawomba m'manja chifukwa cha miyezo yomweyo. Anangonena kuti andiuza ngati pali chimene angachite. Sabata yotsatira pa galimoto ya katundu panabwera phukusi la apongozi: ambulera ina, chitenje chobiriwira ndi mafuta atatu. Ndinapatsa dalaivala kuti akapatse mkazi wake.

Ndiye ndinaganiza zochita chimene ndikanachita pa tsiku loyamba. Lachiwiri lina ndinaimika njinga pakati pamsika, ndinatenga kagirini kakale ndi katsopano, n'kuima pansi pa mango paja pamene panali popanda munthu. Ntchito yoitanira anthu ndimaidziwa, ndiye sanachedwe kusonkhana. Ndinawaonetsa pansi pake. Ndinanena kuti wasintha muyezo ndi kampani, osati apongozi anga, kuti iwo sankadziwa kanthu, kuti tigirinito tinachokera m'nyumba mwanga, ndipo ine ndinkadziwa koma ndinakhala chete. Ndinayankhula bwino, kuposa mmene ndinayankhulirapo pa pulomoshoni iliyonse. Ndinkaganiza kuti ndikamaliza anthu achita manyazi, mwina ena apita kukapepesa.

Woyamba kuyankha anali mayi wa tomato uja. "Ohoo," anatero, manja ali m'chiuno. "Ndiye kuti pakhomopo munkadziwa."

"Ine ndekha, mayi. Iwo ayi."

"Inu nokha? Mkamwini adziwe, mkazi wake asadziwe, amake asadziwe, nonse mukudya mbale imodzi? Achimwene, kauzeni ana zimenezo."

Anthu anaseka. Bambo wina wachikulire anati ndachita bwino kunena, koma ananena motsitsa, akuchoka. Ogulitsa nyemba ndi nandolo, amene ena mwa iwo anali atasinthira kale ku tatsopano mwakachetechete, atazindikira okha phindu lake, anandiyang'ana ngati ndawathira tsabola m'maso. Mmodzi anandifunsa ngati ndabwera kudzagulitsa mafuta kapena kudzaphwanya msika. Pofika madzulo nkhani inali itamveka mpaka ku Songani kuti mkamwini wavomera yekha, banja lonse linali m'gulu, kampani inkawapatsa makontena apadera. Poyamba anthu ena ankati mwina agogo anangonamizidwa. Nditayankhula ine, ngakhale amenewo anayamba kukayika.

Ntchito sanandichotse chifukwa cha zimenezo. Ndikanakonda akanatero, bwenzi ndili ndi chonyadira. Ku Blantyre nkhaniyi sinafike n'komwe, ndipo malonda a kudera kwanga sanatsike, chifukwa mphepo ya Juni itabwera miyendo ya ana inatuwa monga kale, amayi n'kumagula girini yemweyo pa mtengo womwewo. Bwana uja ankanena zoona, ndipo zimenezo n'zimene zimanditopetsa kwambiri. Ndinapukutabe fumbi chaka china chathunthu. Kenako anaphatikiza dera langa ndi la ku Liwonde n'kupatsa mnyamata wina, ine n'kubweza njinga ndi chipewa. Pano ndimalima mpunga kumadambo konkuja, pa ndime imene anandigawira apongozi kudzera mwa mwana wawo.

Iwo anabwerera pamsika titakolola, chaka chomwecho cha nkhani ya muyezo. Pakhomo pankafunika sopo ndi mchere, ndipo ntchito ina saidziwa. Anapempha kagirini kakale kwa mchemwali wawo, kotuwa, kofufutika lebulo. Mpunga ndi womwe uja, wopanda mwala. Ogula amabwerabe, chifukwa faya wotero sapezeka paliponse. Mayi wa ukwati uja anabwera kudzapepesa patapita miyezi, ndipo ku Mvano amakhala benchi limodzi. Koma aphunzitsi a ku Malosa anasiya kutuma wakabaza yekha, ndipo pakabuka mkangano wa muyezo pamsikapo kagirini amakabwereka kwa wina.

Mwezi watha ndinadutsa pamsika ndikuchokera kuchigayo, thumba lili pa njinga yakapalasa. Ndinaima kuseri kwa ogulitsa makala kuti ndimange bwino chingwe, ndipo ndinaona mtsikana wina atagwada patsogolo pa apongozi, mwana ali kumbuyo. Anali wamng'ono, woti nthawi ya nkhani ija anali akadali pasukulu. Anapereka moni waulemu, anafunsa mtengo, n'kunena kuti akufuna titatu. Apongozi atatambasula dzanja kuti atenge muyezo wawo, mtsikanayo anapisa m'jumbo n'kutulutsa kagirini kake.

"Pepani agogo," anatero, akumwetulira, wopanda choipa chilichonse mumtima. "Amayi anandiuza kuti kwa inu ndizibwera ndi kanga."

Apongozi anabweza dzanja lawo. Anakankhira thumba kwa mtsikanayo kuti ayeze yekha, anapinda manja pa miyendo, n'kuyang'ana kumsewu mpaka atamaliza.